Room on Fire, chimbale chachiwiri cha The Strokes: mafunso ndi mayankho

Padutsa zaka zoposa 20 chitulukire chimbale cha Room on Fire, koma okonda nyimbo za rock sanaleke kukangana za icho. Ena amati ndi chimbale choyamba chomwe chija, anangosintha chikuto. Ena amati ndiye chokoma kuposa zonse zimene gululi linatulutsa. Mafunso oyambirira m'munsimu ndi a munthu amene sanamvepo za gululi, akumapetowo ndi a amene anachimvera kale.

Kodi The Strokes ndi ndani?

Ndi gulu la anyamata asanu a mumzinda wa New York, ku America, lomwe linayamba mu 1998. Woimba ndi Julian Casablancas, ndipo pa zimbale zoyambirira ndi iye amene ankapeka pafupifupi nyimbo zonse. Magitala awiri ali m'manja mwa Nick Valensi ndi Albert Hammond Jr., besi amaimba ndi Nikolai Fraiture, pamene pa ng'oma pamakhala Fabrizio Moretti, yemwe anabadwira ku Rio de Janeiro.

Anayamba kudziwika mu Januwale 2001, kampani ya ku London ya Rough Trade itatulutsa kachimbale kawo ka nyimbo zitatu, The Modern Age. Anthu a ku Britain ndiwo anayamba kutengeka nawo, kwawo asanawadziwe bwino n'komwe. Makampani akuluakulu a ku America atamva phokosolo anayamba kuwalimbirana, ndipo inawatenga ndi RCA. Chimbale choyamba, Is This It, chinatuluka chaka chomwecho. Pomwe chachiwiri chinkatuluka, wamkulu pa onse, Casablancas, anali ndi zaka 25, ndipo wamng'ono, Valensi, anali ndi zaka 22.

Nanga garage rock ndi nyimbo zotani?

Ndi rock yopanda zokometsera zambiri: magitala, besi, ng'oma ndi mawu basi, nyimbo zazifupi, zaphokoso, zojambulidwa mwachangu ndi ndalama zochepa. Inayamba ku America m'zaka za m'ma 1960, pamene achinyamata ambirimbiri ankagula magitala otchipa n'kumaphunzirira m'galaja ya makolo awo. The Kingsmen ndi The Sonics ndi magulu a nthawi imeneyo. Ambiri anatchuka ndi nyimbo imodzi yokha kenako n'kuzimiririka, mpaka mu 1972 pamene Lenny Kaye anasonkhanitsa nyimbo za magulu oterewa m'chimbale cha Nuggets, anthu n'kuwakumbukiranso.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kaimbidweka kanadzukanso. Kuwonjezera pa The Strokes panali The White Stripes a ku Detroit, The Hives a ku Sweden ndi The Vines a ku Australia. Kunena zoona, pa magulu anayiwa The Strokes ndi amene dzina la garage limawakhala mokakamiza. Kaimbidwe kawo n'kolongosoka kwambiri, chida chilichonse chili ndi malo ake, ndipo amene anawatsogolera njira ndi magulu a ku New York komweko monga The Velvet Underground. Koma atolankhani anawamanga mtolo umodzi ndi anzawowo, ndipo dzinalo linakanirira.

Room on Fire chinatuluka liti, ndipo muli chiyani?

Chinatuluka mu Okutobala 2003, ku America kudzera ku RCA, ku Britain kudzera ku Rough Trade. Muli nyimbo 11, ndipo zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono theka la ola. Palibe ngakhale imodzi yofika mphindi zinayi. Chimayamba ndi "What Ever Happened?" n'kuthera pa "I Can't Win". Zimene zinatulutsidwa pazokha kuti zizimveka pawailesi ndi zitatu: "12:51", "Reptilia" ndi "The End Has No End".

N'chifukwa chiyani anthu ankachidikirira ndi mtima wonse chonchi?

Tikumbukire mmene zinthu zinalili Is This It isanatuluke. Pawailesi za rock ku America pankangomveka magulu ngati Limp Bizkit ndi Linkin Park, pamene ku Britain kunali nyimbo zofatsa za Travis ndi Coldplay. Olemba nkhani za nyimbo ambiri, makamaka a magazini ya NME ku London, zinali zitawakwana. Atangotulukira anyamata asanu ovala majekete akutha ndi nsapato za Converse, akuimba nyimbo za mphindi zitatu, olembawo sanakhutire n'kunena kuti gululi ndi labwino. Anati awa abwera kudzapulumutsa rock.

Chimbale choyambacho chinafika pa nambala 2 ku Britain. Mu 2002 gululi linalandira mphoto ya Brit ya oimba atsopano ochokera kunja, ndipo chaka chomwecho linali m'gulu la otsekera pa zikondwerero zazikulu za Reading ndi Leeds, lili ndi chimbale chimodzi chokha cha mphindi 36. Makampani a nyimbo anayamba kusakasaka magulu ena ofanana nalo. Pofika 2003 achinyamata ambiri ku London ndi ku New York ankavala ngati iwo, tsitsi kulisiya ngati iwo.

Tsono munthu akatchedwa mpulumutsi, chimbale chongokoma chabe sichimukwanira. Vuto lonse la Room on Fire linagona pamenepa, ndipo mayankho a mafunso awiri okhudza ndemanga m'munsimu akutsamira pa mfundo imeneyi.

Ndi zoona kuti anayamba kujambula ndi munthu wina n'kutaya zonse?

Inde. Chakumayambiriro kwa 2003 analowa mu situdiyo ndi Nigel Godrich, Mngelezi amene anajambula zimbale za Radiohead monga OK Computer ndi Kid A. Pongomva, zinkaoneka zanzeru. Koma sanagwirizane pa kagwiridwe ka ntchito, anyamatawo anaona kuti zomwe zinkatuluka zinalibe moyo, ndipo anasiyana naye. Anabwerera kwa Gordon Raphael, yemwe anajambula naye The Modern Age ndi Is This It m'kasitudiyo kapansi pa nyumba ku East Village. Ulendo uno anakajambulira ku TMF Studios, ku New York komweko, nthawi itawathera kale: anatsala ndi miyezi pafupifupi itatu yokha.

Nkhani imeneyi inawapweteka chimbale chisanatuluke. Anthu atamva dzina la Godrich anayamba kulota za chimbale chachilendo, chodzaza ndi mamvekedwe osazolowereka, ngati mmene Radiohead inasinthira. Atamva kuti abwerera kwa Raphael, ena anagamuliratu kuti anyamatawa achita mantha.

Olemba ndemanga anachilandira bwanji?

Bwino kuposa mmene anthu ambiri amakumbukirira. Pali mbiri yoti chinanyozedwa, koma manambala akukana. Tsamba la pa intaneti la ndemanga za nyimbo la Pitchfork linachipatsa 8.0 pa 10, magazini ya Rolling Stone inachipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Pa Metacritic, pomwe amaphatikiza ndemanga za manyuzipepala ndi magazini ambiri n'kupeza chiwerengero chimodzi, chili ndi 77 pa 100. Gulu lina lililonse likanadumphadumpha ndi zotsatira zotere.

Kungoti Is This It inali ndi 9.1 ku Pitchfork ndi 91 pa Metacritic. Mwana amene anakhala nambala wani teremu yatha akabwera ndi nambala 3, kunyumba safunsa za anzake onse amene wawaposa, amafunsa kuti chavuta n'chiyani.

Ndemanga zambiri, zoyamikira ndi zodandaula zomwe, zinkazungulira pa mfundo imodzi: chimbalechi chafanana kwambiri ndi choyamba. Oyamikira ankati kubwereza chinthu chimene ukuchidziwa bwino si mlandu, bola nyimbo zikhale zokoma, ndipo izi zinali zokomadi. Odandaula ankati zaka ziwiri zathunthu, maulendo ozungulira dziko lonse, ndalama za kampani yaikulu, zonsezo n'kubwera ndi nyimbo zina 11, wojambula yemwe uja, mawu okwiririka omwe aja? Choseketsa n'chakuti maganizo awiriwa ankatha kupezeka mu ndemanga imodzi. Wolemba ankayamba ndi kudandaula, pomaliza n'kupereka mamalikisi apamwamba.

Nthawi nayo sinawakomere. Mu Epulo chaka chomwecho The White Stripes anali atatulutsa Elephant, momwe muli "Seven Nation Army", ndipo ndi chimbale chimenecho chimene NME inasankha kukhala chapamwamba mu 2003. Yeah Yeah Yeahs anali atatulutsa Fever to Tell, Kings of Leon anali atangotulukira. Mu 2001 The Strokes ankaoneka ngati ali okha pabwalo. Mu 2003 pabwalopo panali patadzaza, ndipo ena mwa odzazawo chitseko anawatsegulira ndi iwo omwewo.

Ndiye n'zoona kuti ndi Is This It yachiwiri?

Mukamvera kamodzi uku mukuchita zina, inde. Kutalika n'kofanana, nyimbo ndi 11 konsekonse, mawu a Casablancas akadali okwiririka.

Mukatchera khutu, kusiyana kulipo, ndipo kwambiri kuli m'magitala. Pa chimbale choyamba nthawi zambiri gitala limodzi limangogunda makodi pamene linalo likuyenda pamwamba. Pa chachiwiri magitala awiriwo amalukana, lililonse ndi kanjira kake, besi n'kumadutsa pakati. "Reptilia" ndiye chitsanzo chomveka bwino. Imayamba ndi besi ndi ng'oma, magitala n'kulowa ndi ukali umene pa Is This It mulibe. Ikafika pakati zida zina zimadukiza, gitala limodzi n'kutsala lokha kwa kanthawi, kenako onse n'kugwera pamodzi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika gulu limene laimbira limodzi usiku ndi usiku, ndipo zaka ziwiri za maulendo zija zikumveka pamenepa.

"Automatic Stop", yomwe Casablancas anapeka limodzi ndi Hammond, ili ndi kadulidwe ka gitala ka reggae, ndipo amene anakulira pa nyimbo za Bob Marley sachedwa kukazindikira. "Under Control" ndi yofatsa, imayenda pang'onopang'ono ngati nyimbo za soul za m'ma 1960, ndipo ndi nyimbo yoyamba ya gululi imene munthu angavine atagwirana ndi wokondedwa wake. Pa Is This It mulibe yotere ngakhale imodzi. "12:51" ndi "The End Has No End" zikukokera ku nyimbo za pop za kumayambiriro kwa m'ma 1980.

Mtima wa nyimbo nawo unasintha. Chimbale choyamba ndi cha anyamata oyendayenda usiku mumzinda, zowavuta zawo ndi zibwenzi ndi kunyong'onyeka. Chachiwiri ndi cha munthu amene watopa ndi maso a anthu. Nyimbo yotsegulira imayamba woimba akupempha kuti aiwalike, ndipo yotsekera mutu wake womwe ndi wodandaula kuti kupambana kwakanika. Anthu amene anali atangolongedwa ufumu wa rock kutsegula ndi kutseka chimbale motero, si mwangozi ayi.

Ife tikuona kuti odandaula aja sanalakwe kotheratu. Chakumapeto kwa chimbalechi kuli nyimbo ziwiri kapena zitatu, monga "The Way It Is", zimene zikanatha kukhala zotsalira za 2001, ndipo kufulumira kwa ku situdiyo kuja kumamvekera pamenepo. Koma chimene olemba ambiri ankasowa sichinali nyimbo zokoma. Ankafuna kudzidzimukanso ngati mmene anadzidzimukira mu 2001, pamene iwo omwe anali atathera zaka ziwiri akufotokozera dziko lonse mmene gululi limamvekera.

Ndani akuimba kiyibodi mu "12:51"?

Palibe. Ndi gitala la Nick Valensi, lokonzedwa kuti lizimveka losalala ngati kiyibodi, ndipo limayenda limodzi ndi mawu a woimba. Olemba ambiri anaifanizira nyimboyi ndi za gulu la The Cars. Kanema wake anakonza ndi Roman Coppola, potengera maonekedwe a filimu ya Tron ya mu 1982. Inafika pa nambala 7 ku Britain. Kamvekedwe ka gitala komweko kamabweranso mu "The End Has No End".

Bwanji mawu a woimba samveka bwinobwino?

Ndi dala. Pojambula Is This It, mawu a Casablancas ankawadutsitsa m'kaampulifaya kakang'ono ka Peavey kophunzirira gitala kuti amveke okandika ndi ofinyika, ndipo kamvekedwe koteroko anakapitiriza pa Room on Fire. Mawu amakhala ngati chida chimodzi pakati pa zida zinzake, sakhala pamwamba pa zonse monga zimakhalira m'nyimbo zambiri za pawailesi. Ng'oma nazo m'nyimbo zina anazikonza kuti zizimveka ngati za makina, chikhalirecho akuimba ndi munthu.

Dandaulo limeneli gululo linalimva. Pa chimbale chachitatu, First Impressions of Earth, chomwe chinatuluka kumayambiriro kwa 2006 ndipo mbali yaikulu anajambula ndi David Kahne, mawu anawatulutsira poyera, nyimbo zinatalika ndipo zinafika 14. Chinakhala nambala 1 ku Britain, koma ndemanga zake zinatsika kuposa za Room on Fire: Pitchfork inangochipatsa 5.9. Kusintha kuja anthu ankapempha kutabwera, sanakukonde.

Nanga malonda anayenda bwanji?

Poyamba anayenda bwino kuposa a chimbale choyamba. Ku America chinafika pa nambala 4 pa mndandanda wa Billboard 200, pamene Is This It inalekera pa 33. Ku Britain chinafika pa nambala 2, chimodzimodzi chinzake. Ku America komweko chinalandira chizindikiro cha golide, chomwe chimaperekedwa makope akakwana 500,000. Koma m'kupita kwa zaka Is This It ndi imene inagulidwa kwambiri, chifukwa inapitiriza kuyenda pang'onopang'ono osaima.

Pa ulendo wokalengeza chimbalechi ku America, owatsegulira anali Kings of Leon ndi Regina Spektor, yemwe panthawiyo anali asanadziwike. Spektor anaimbanso ndi Casablancas nyimbo ya "Modern Girls & Old Fashion Men", yomwe inatuluka pamodzi ndi "Reptilia" koma m'chimbale mulibe.

Kodi nkhani yoti ndi ana a anthu olemera inakhudza ndemanga?

Inakhudza ndithu. Bambo ake a Casablancas, John Casablancas, ndi amene anayambitsa kampani ya anthu oonetsa zovala ya Elite Model Management. Bambo ake a Hammond, Albert Hammond, ndi woimba komanso wopeka nyimbo wotchuka. Anyamata awiriwa anakumana kusukulu yogonera konko ya Le Rosey ku Switzerland, imodzi mwa sukulu zodula kwambiri padziko lonse. Casablancas, Valensi ndi Moretti anadziwana ku Dwight School, sukulu yolipira ya ku Manhattan. Kwa anthu amene amakhulupirira kuti rock yeniyeni imachokera m'mavuto, majekete akutha aja anali chinyengo chabe.

Mu 2001 nkhaniyi inkamira m'chisangalalo. Mu 2003, anthu atayamba kufunafuna powagwirira, inayandama. Ndalama za makolo zimagula magitala ndi nthawi yoyeserera, ndipo zimenezo si zazing'ono, achinyamata ambiri aluso amalephera pomwepo. Koma poweruza ngati "Under Control" ndi nyimbo yokoma kapena ayi, mfundoyi sithandiza chilichonse.

Dzina la chimbale ndi chithunzi cha pachikuto zinachokera kuti?

Dzinali analitenga pa mzere wina wa mu "Reptilia". Chithunzicho ndi mbali ya chojambula cha Mngelezi Peter Phillips, chotchedwa War/Game, cha mu 1961.

Kodi maganizo a anthu asintha pa zaka zapitazi?

Asintha kwambiri, ndipo mbali ina ndi chifukwa cha masewera a pakanema. Mu 2007 "Reptilia" inalowa m'masewera a Guitar Hero III ndi Rock Band, ndipo ana amene mu 2003 anali asanayambe kuwerenga magazini anailoweza osadziwa kuti panali mkangano uliwonse. Lero ndi imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri za gululi. "What Ever Happened?" inamveka mufilimu ya Sofia Coppola ya Marie Antoinette mu 2006. Mu 2013 NME inaika zimbale zonse ziwiri pa mndandanda wake wa zimbale 500 zapamwamba. Ndipo Lizzy Goodman polemba buku la mbiri ya rock ya ku New York ya nthawi imeneyo, lomwe linatuluka mu 2017, mutu wake anautenga pa nyimbo ya m'chimbale chino, "Meet Me in the Bathroom".

Zimbale zotsatira nazo zinathandiza mosadziwa. Angles ya mu 2011 ndi Comedown Machine ya mu 2013 zinagawa omvera, ndipo ambiri amene zinawakhumudwitsa anabwerera ku Room on Fire n'kuchimva ndi makutu ena. Mphoto ya Grammy gululi linadzailandira mu 2021, ndi chimbale cha The New Abnormal chomwe anajambula ndi Rick Rubin. Amene akuyamba kumvera gululi lero pa Spotify kapena YouTube amamva zimbale ziwiri zoyambazo motsatizana, popanda zaka ziwiri zodikira pakati, ndipo kufanana kuja kumene kunali mlandu ndi kumene amakondwera nako.

Magulu ena a nthawi yomweyo zinawathera bwanji pa chimbale chachiwiri?

Mosiyanasiyana. The Vines, omwe anatamandidwa kwambiri mu 2002, chimbale chawo chachiwiri cha Winning Days mu 2004 chinalandiridwa mozizira ndipo sanabwererenso pamene anali. The Libertines a ku London chawo chachiwiri chinafika pa nambala 1 mu 2004, koma n'kuti atsogoleri a gululo, Pete Doherty ndi Carl Barât, atasemphana kale, ndipo gululo linatha chaka chomwecho. Arctic Monkeys a ku Sheffield anatulutsa Favourite Worst Nightmare mu 2007, chothamanga ndi cholemera kuposa choyamba, ndipo anadutsa bwinobwino.

Amwayi anali The White Stripes ndi The Hives. Zimbale zawo zachiwiri, De Stijl ndi Veni Vidi Vicious, zinatuluka mu 2000 dziko lisanawayang'ane, choncho anakula mwakachetechete. Pomwe ankatchuka n'kuti atadziwa kale chimene akufuna. The Strokes mpata umenewo sanaupeze, chifukwa anatchuka ndi nyimbo zitatu zoyamba zomwe (onani funso loyamba).

Kodi kuno kwathu kunakhalako nyimbo za mtundu umenewu?

Ku Zambia zinaliko, ndipo zamphamvu. M'zaka za m'ma 1970 kunali magulu ngati WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndi Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, omwe kaimbidwe kawo kamatchedwa Zamrock. Magitala okandika, zida zochepa, kujambula mwachangu, zonse zija tafotokoza pa funso lachiwiri, kuwonjezerapo kagundidwe ka ng'oma ka kwathu ndi nyimbo zina za m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Sikuti The Strokes anatengera kumeneko. Onsewa anamwa pachitsime chimodzi, rock ya m'ma 1960. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zakalezo, ndipo WITCH inabweranso ndi chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Ndiyambire pati kumvera?

Yambani ndi "Reptilia", kenako "Under Control", kenako "12:51". Zitatuzi zikuonetsani mbali zitatu zosiyana za chimbalechi. Zikakukomerani mverani chonse mwadongosolo lake, poti n'chachifupi. Gwiritsani ntchito mahedifoni kapena masipika abwino, chifukwa pa sipika ya foni besi imasowa ndipo magitala awiri aja amamveka ngati limodzi, zomwe zingakupangitseni kugwirizana ndi odandaula aja popanda chifukwa.

Ngati Is This It simunaimvepo, yesani kuyamba ndi Room on Fire, choyambacho chibwere pambuyo. Mukamakaifuna dziwani kuti ilipo mitundu iwiri. Ya ku Britain ndi maiko ena ili ndi nyimbo ya "New York City Cops". Pa CD ya ku America, yomwe inatuluka mu Okutobala 2001, nyimboyo anaichotsa potsatira chiwembu cha pa 11 Seputembala n'kuikapo "When It Started", ndipo chikuto nacho n'chosiyana.